Ku Mtendere amandiitana kuti achimwene

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi aise ku Zambiako zikuyenda bwanji, ntchito unaipeza bwanji, mapepala unapanga bwanji, nyumba ndi zingati. Ena ndawayankha mwachidule, ena sindinawayankhe nkomwe chifukwa nkhani yake siyoyankha ndi voice note ya mphindi imodzi. Nde lero poti ndi Lamulungu ndipo taweruka msanga ku tchalitchi ndati ndikhale pansi ndilembe mmene zinayendera.

Ine ntchito yanga ndi ya sola, kukhoma ma panel padenga, kulumikiza ma inverter ndi mabatire. Ndinaphunzira zamagetsi ku technical college kenako ndinagwira zaka zingapo pa kakampani kena ku Lilongwe. Zinthu zimayenda ndithu mpakana November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44%. Katundu wathu yense amachokera kunja, amafuna madola, madolawo osapezeka, nde mtengo wa batire unkasintha sabata iliyonse, kasitomala ukamuuza mtengo amangoti tikuimbirani, basi osaimbanso. Malipiro anali omwewo koma shuga, sopo, mafuta ophikira, fizi ya mwana, zonse zinali zitatithawa. Chakumayambiriro kwa 2024 abwana anatiitana nkutiuza chilungamo kuti sangathe kutisunga tonse, koma mnzawo wina wa bizinesi ku Lusaka akufuna anthu odziwa ntchito chifukwa kumeneko magetsi ayamba kuvuta. Chaka chimenecho mvula inakana, kwathu tinaziona tonse, koma ku Zambia zinafika poipa chifukwa magetsi awo ambiri ndi a madzi, a ku Kariba ndi ku Kafue, ndipo madzi mu Kariba anatsika zedi. Pulezidenti Hichilema analengeza kumapeto kwa February kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, pofika March magetsi anayamba kuzima maola 8 patsiku.

Usiku umenewo ndinawauza mayi akunyumba. Anakhala chete nthawi yaitali akusenda mtedza, kenako anati, "Pitani bambo, kumeneko si ku Joni ayi. Kukagwa zovuta kuno mufika tsiku lomwelo." Mawu amenewo ndi amene anandilimbitsa mtima, chifukwa tonse tili ndi abale amene anapita ku Joni nkulephera kubwera kudzaika makolo awo.

Za mapepala ndinene mosabisa chifukwa ndi pamene anthu ambiri akupwetekera. Mmalawi safuna visa polowa mu Zambia, zimenezo nzoona, koma chidindo chimene amakudinda pa boda ndi cha mlendo, sicha ntchito ayi. Wodzacheza amaloledwa masiku 90 pachaka, wobwera za bizinesi masiku 30, ndipo ntchito yolembedwa imafuna Employment Permit yomwe amakupemphera ndi okulemba ntchitowo, osati iweyo. Ine ndinangosonkhanitsa zomwe anandiuza, pasipoti, kalata ya ku polisi yoti ndilibe mlandu, ma certificate anga odindidwa, zithunzi, nkutumiza. Ma certificate ochokera kunja amawaunika a ZAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, ndipo ife azamagetsi timayeneranso kulembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Chinandisangalatsa nchoti nakonso kuli TEVETA ngati kwathu, nde munthu ukamafotokoza za pepala lako amamva msanga. Ndinadikira pafupifupi miyezi iwiri ndili pakhomo, ndalama zikutha, anzanga ena akundiuza kuti iwe ingopita ukayambe mapepala akupeza konko. Sindinamvere. Pano ndimathokoza kuti sindinamvere, chifukwa chake ndichinena kutsogoloku.

Ndinanyamuka mu June, kukuzizira. Basi ya ku Lusaka ndinakwerera ku Devil Street kusanache, chikwama chimodzi cha zovala, bokosi la zida, ndi kathumba komwe mayi anandiikira usipa, kambuzi ndi mpunga wa kilombero. Pa Mchinji panopa pali boda ija yatsopano yomwe anatsegula mu December 2022, mumangoima kamodzi, maofesi a mayiko onse awiri ali mnyumba imodzi, nde sizichedwa ngati kale pokhapokha ngati mu basi muli katundu wambiri wa geni. Ukadutsa pamenepo sumadziwa nkomwe kuti wasintha dziko. Chipata, Katete, Sinda, Petauke, minda yake yomweyo, nkhokwe zomwezo, anyamata ogulitsa mbewa pamseu omwewo, zikwangwani za ma shopu zolembedwa Chichewa chathu chomwechi. Dziko limayamba kusintha ukadutsa Nyimba, mseu umayamba kukhotakhota mmapiri, midzi kuchepa, kutentha kuwonjezeka ngakhale mu June, mpaka kutsetserekera pa mlatho wa Luangwa. Pamenepo basi inaima, amayi akugulitsa nsomba zouma zazikuluzikulu ndi madengu oluka, ine ndinatsika nkuima pambali kuyang'ana mapiri kumbuyo komwe tachokera, ndipamene zinandilowa mumtima kuti ndachokadi. Kuchoka Chipata kufika Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, tinalowa mu town kutada.

Pa Intercity, depoti ya mabasi mu Lusaka, ndi pomwe ndinayamba kumva Chinyanja cha mu Lusaka. "Muyenda kuti ba boss? Bwelani kuno, taxi ilipo manje manje." Ndinamva zonse, ndipo mumtima ndinati aa basi kuno nkwathu. Apa ndi pomwe ambiri timanamizika. Chifukwa choti ukumva zomwe anthu akulankhula umaona ngati wafika kale, pomwe eni ake ukangotsegula pakamwa adziwa kale kuti uyu ngwakunja. Ife timati ndikufuna, iwo amati nifuna. Ife zinthu, iwo vinthu. Kulankhula ndi kukamba, kutsika basi ndi kuseluka, makala ndi malasha, nkhwani ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula, okala ndi kantemba. Muli Chibemba, muli Chinsenga, muli Chizungu, zonse mumphika umodzi. Liwu lomwe linandisokoneza kwambiri ndi mailo, chifukwa limatanthauza mawa komanso dzulo, umayenera kumvera mneni kuti udziwe. Sabata yoyamba kasitomala wina anandiuza pa foni za mailo ine nkumva kuti ndipite mawa, pomwe iye amadandaula kuti anandidikira dzulo lake tsiku lonse. Ndinapita kukapepesa, mwamwayi anali munthu womvetsa. Ndalamanso amatchula mwakale, akati five pin ndi K5, chifukwa mu 2013 anachotsa ma ziro atatu pa kwacha yawo koma pakamwa mawu akale anatsala.

Anzanga aku ntchito ankati ndimakamba Chinyanja cha mu tchalitchi. Samanyoza, ena amachita kundipempha kuti ndibwereze mawu ena chifukwa amawakumbutsa agogo awo ku Chadiza kapena ku Katete. Koma pa msika Chichewa changacho chimakweza mtengo, ndipo mu minibasi anthu amatembenuka. Dzina loti achimwene linayambira pamenepo, pano ngakhale ana a mu komboni sadziwa dzina langa lenileni.

Masabata awiri oyamba ndinagona mu kachipinda ka kuseli kwa workshop. Kenako mnzanga wina anandipezera nyumba ku Mtendere, komboni ina ya mu Lusaka, zipinda ziwiri pa yadi ya mdala wina wopuma ntchito, mpope wa panja, bafa ndi chimbudzi tonse chimodzi. Tsiku lokaona nyumba mdalayo sanayambe ndi za lendi. Anandikhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mapeyala nkundifunsa kwathu, mudzi, mfumu, mfunda. Nditayankha anaseka nati iwo kwawo ndi ku Katete, kufupi ndi ku Mkaika komwe kumachitikira Kulamba mwezi wa August, ndipo amayi awo anali ndi abale ku Mchinji omwe ankapita kukawaona wapansi ali mwana. Anati, "Mwana wanga, malire awa anaika ndi azungu, Gawa Undi ndi mmodzi." Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaitana kuti atate, akazi awo amayi. Lendi ndinkalipira ndithu pa tsiku lake, ubale sunachotse zimenezo, koma madzulo ndikaweruka ndimapeza mbale yovindikira pakhomo panga, pena chibwabwa chotendera, pena kapenta wa ku Siavonga.

Nsima inandivuta miyezi yoyamba, ndisaname. Kuno anthu amagula ufa wa mmatumba a 25kg, wina amati breakfast wina roller, roller ndiye ngati mgaiwa, koma ufa woyera wonyika ngati wakwathu sumaupeza mu shopu. Chambo kulibe, kuli bream ya ku Kariba ndi Kafue, ndi buka buka wa ku Mpulungu. Chikande ndiye amachilemekeza kwambiri kuno, amati chikanda, amagulitsa chodulidwa bwinobwino paliponse. Ndinazolowera. Koma usipa wa mayi uja ndinkaudya pang'onopang'ono ngati mankhwala, unatha mu August ndipo tsiku limenelo ndinaimba foni kunyumba nthawi yaitali.

Ntchito ndiye inalipo yoopsa. Pofika September magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, malo ena amayaka maola atatu okha, nthawi zambiri pakati pausiku. Tinkachoka 6 koloko mmawa kubwera usiku, Kabulonga, Ibex Hill, Chalala, mpaka ku ma famu a ku Chongwe kukaika mapampu a pa mjigo. Olemera amaitanitsa inverter ya 5kVA ndi batire ya lithium, tsiku limodzi tamaliza, nyumba yawala ngati palibe chachitika. Koma zomwe zinandikhudza ndinaziona kufupi ndi komwe ndimakhala. Mu mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga muli anyamata owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Tsiku lina tikuchokera ku ntchito cha mma 2 koloko usiku ndinapeza mseu wonse ukuthetheka moto wa welding, anthu ali kalikiliki ngati masana, ena atagona pa makatoni pambali pa makina awo kudikira kuti magetsi akangobwera adzuke. Wometa wanga wa ku Mtendere anatsala pang'ono kutseka shopu. Ndinamulumikizira ka panel kamodzi ndi kabatire kakale komwe kasitomala wina anataya, kongokwana makina ometera awiri ndi babu, ndipo mpaka lero amakana ndalama yanga ndikapita kukameta. Pa ntchito zonse zomwe ndagwira kuno imeneyo ndi yomwe ndimaikumbukira.

Koma usiku ukafika mnyumba uli wekha mumdima, foni ili 10%, ndi pomwe umadziwa kuti uli kwa eni. Mwana wanga anadwala malungo mu October, ine ndili padenga la munthu ku Chalala, mayi akuimba kuti tili ku chipatala, ndipo palibe chomwe ndikanachita kupatula kutumiza ndalama. Ndinatsika padenga nkukhala mgalimoto ya kampani kwa kanthawi manja akunjenjemera. Anachira, tithokoze Mulungu. Sabata imeneyo pa 24 October anzathu amakondwerera zaka 60 za ufulu, ifenso tinali titakwanitsa 60 yomweyo pa 6 July, mbendera paliponse, ine mtima uli ku Area 25.

Chomwe chinandigwira dzanja ndi tchalitchi. Atate aja anandiperekeza ku Reformed Church in Zambia, ndipo nditalowa ndinamva nyimbo zomwezija timaimba ku CCAP ya Nkhoma, mawu ake omwewo, Baibulo lomwelo. Anandifotokozera kuti mpingowu unayambira ku Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, amishoni ake a Dutch Reformed ngati omwe anayamba ku Mvera. Mmenemo Chichewa changa sichinali chachilendo, mpaka anandipatsa kuwerenga mawu. Ndinapezamonso a Malawi ena, ena anabwera makolo awo nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito ku migodi, kwawo ku Dowa kapena ku Ntcheu amangokumva dzina. Ndipo mdala aliyense akadziwa kuti ndine Mmalawi amandikumbutsa kuti bambo ake a Kaunda anachokera kwathu.

Tsopano za mapepala zija. Ku tchalitchi komweko ndinakumana ndi mnyamata wina wa ku Kasungu, wamng'ono kwa ine, yemwe analowa ndi chidindo cha mlendo nkukayamba ntchito pa famu ina kunja kwa town. Anagwira miyezi isanu akulandira theka, abwana ake akumuuza kuti zotsalazo amusungira. Tsiku lomwe anafunsa ndalama zake anangomuuza kuti ukalimbalimba tiitana a immigration, masiku ako anatha kalekale. Analibe kolowera. Tinasonkha ya basi kuti abwerere, ndipo ndikamukumbukira mmene anakhalira pa benchi pa Intercity ndi kachikwama kake mtima umandiwawa mpaka lero, miyezi isanu ya thukuta kupita nayo kumudzi chimanjamanja. Abale anga, munthu akakuuzani kuti bwera kaye mapepala tipanga pambuyo, dziwani kuti wakugwirani pakhosi musanayambe nkomwe. Ine permit yanga ndimayenda nayo paliponse, chifukwa kuno chilichonse amafunsa NRC, chiphaso chawo cha unzika, ndipo iwe ulibe. SIM card ndi pasipoti, akaunti ya ku banki ndi permit komanso TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA. Pa malipiro amadula msonkho, 5% ya NAPSA ya penshoni ndi 1% ya NHIMA ya chipatala, nde powerengera zomwe mudzalandire muziwerengera zotsala osati zomwe zalembedwa pa kalata. Ndalama kunyumba ndimatumiza pa Mukuru kapena pa foni, ndipo mayi amayamba alipira fizi ndi lendi zisanakhudze china chilichonse.

Atate aja anatisiya mu February chaka chathachi, mvula ili pakati. Anadwala masabata awiri okha. Usiku womwe uthenga unabwera kuchokera ku chipatala magetsi kunalibe, nde ndinatulutsa batire yanga ndi mababu atatu nkuyatsa pabwalo ndi mnyumba momwe munali azimayi, kenako ndinathandiza anyamata kukoka tenti ndi kutulutsa mipando. Masiku atatu amenewo ku ntchito sindinapite, abwana anamvetsa. Tinkagona panja pamoto ngati kwathu, makwaya akusinthana mpaka mbandakucha.

Pa maliro amenewa ndi pomwe ndinaona chimbuya. Abemba ndi anthu akummawa, Angoni, Achewa, Ansenga, ali pa chisuweni chakalekale, amanyozana poyera popanda wokwiya, awa amati inu odya mbewa, awa amati inu odya anyani. Nde akamwalira wakummawa, Abemba ndi amene amagwira ntchito pamaliro, kuphika, kusonkhetsa ndalama, pafupifupi ngati adzukulu kwathu, komanso amayenda ndi ufa kapena powder nkumapaka aliyense wakummawa kumutu ndi kumaso mpaka aponye kandalama mmbale. Munthu wosadziwa angaone ngati chipongwe pamaliro, koma ndinaona ndi maso anga amayi ofedwa aja, omwe sanadye masiku awiri, akumwetulira koyamba mayi wina wa Chibemba atawakhalira kutsogolo nkumawanena kuti amuna anu athawa ngongole ya mbewa.

Ine ndinaima chapatali pafupi ndi mpope, poti ndinkaona kuti zimenezi nza eni dziko. Mayi uja akuzungulira ndi mbale yake ya ufa anafika pomwe ndinali nkundiyang'ana. Mnyamata wina anati, "Awe ba mayo, uyu ni wa ku Malawi." Mayiyo anayankha kuti wa ku Malawi ndiye wakummawa weniweni, kumene mbewa zimachokera, ndipo asanamalize nkomwe anali atandithira ufa mutu wonse mpaka mmakutu ndi pa jekete. Anthu anaseka, ine ndinapisa mthumba nkuponya K20 mmbale, koma pakhosi panali patanditsekera, misozi inangotsika yokha nkumalemba mizere mu ufawo. Kumanda ku Leopards Hill, atatha abale kuponya dothi, mwana wawo wamkulu anandipatsa fosholo nati achimwene bwerani, atate ankakuwerengerani pa ana awo.

Madzulo ake ndinatumiza chithunzi kunyumba ndisanasambe, mayi anaimba nthawi yomweyo kufunsa kuti chachitika nchani kumutuko, ndinawafotokozera zonse mpaka ma unitsi anatha. Panopa ndikadali pa yadi yomweyo. Amayi aja anakana kuti ndisamuke, akuti chipinda chomwe munkakhala zida za atate achikonza kuti mayi ndi mwana akabwera pa holide ya December adzapeze pogona pabwino, ndipo andituma kale kuti ndiwauze apongozi awowo asaiwale ufa woyera ndi usipa wa ku Nkhotakota.